Chingwe choyezera boti la kangaude

Bambo anga anasiya ntchito ku hotela ina ya ku Makokola chaka chimene anagwa m'boti alendo akuona. Ntchito yawo inali yoyenda ndi alendo panyanja kukawaonetsa nkhwazi ndi miyala, ndipo asanailowe anali atakoka makoka kuyambira unyamata wawo. Tsiku limenelo anangoti aimirire kuti aponyere nkhwazi nsomba, chizungulire chinawagwira, n'kugwera pamiyendo ya mzungu wina. Mwayi wake anagwera m'kati mwa boti. Kuchipatala anati magazi awo akuthamanga, anawapatsa mapilitsi, n'kuwauza kuti panyanja asamapitenso okha.

Amayi anamva mbali yoyamba yokha, yoti panyanja asamapitenso. Titangofika kunyumba anatenga nkhafi ya bambo n'kuisomeka kudenga la khitchini, kumene utsi unayamba kuidetsa.

Amayi anga ndi a ku Chowe, kumene munthu amakula akudziwa khasu ndi miyala ya m'phiri. Anakwatiwira ku Nkope, ana tonse anatiberekera m'mphepete mwa nyanja, koma phazi lawo linali lisanapondepo m'bwato. Pochapa amalowa m'madzi mpaka m'mawondo, malire ndi omwewo. Nsomba amazidziwa zikafika m'lichero. Ankati Mulungu akanafuna kuti iwo aziyandama akanawalenga bakha.

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde la makolo anga chibwerereni ku ukwati wanga womwe sunachedwe kutha, choncho zonse za pakhomopo zimachitika ine ndikupalasa makina, maso ali uku ndi uku. Ndinawaona bambo akufota. M'mamawa ankatulutsa mpando pansi pa mango, n'kuyang'ana kunyanja, n'kumanena okha kuti lero mwera ugona, popanda wowafunsa. Anayamba kukangana ndi nkhuku. Chakudya ankangochitola pang'ono n'kukankha mbale. Sindinama, zinkandiwawa mumtima, chifukwa bambo anga ndi munthu wa phokoso, ndipo pakhomo panali patangoti zii.

Tsiku lina anabwera pakhonde ndi foni yawo akuyenda monyang'ama ngati aba nyama m'poto. Anandionetsa kakanema kamene mlendo wina anawasiyira kalekale. Munali azungu awiri onenepa atakhala pamodzi kutsogolo kwa boti, patsogolo pawo pali timitengo ta mbedza tisanu ndi titatu totambasuka ngati miyendo ya kangaude. Boti linkayenda pang'onopang'ono, iwo atangopinda manja. Kamtengo kamodzi kakagwedezeka, mmodzi ankangotambasula mkono n'kuvuula nsomba.

"Taona, telala," anatero bambo. "Palibe kukoka, palibe kuimirira. Munthu umangokhala ngati uli m'tchalitchi. Tsopano werenga anthu ali m'botimo."

"Awiri."

"Adokotala anati chiyani?"

"Anati musamapite nokha."

"Basitu. Nsungwi zilipo, mbedza ndili nazo. Chatsala ndi boti."

"Nanga wachiwiriyo akhala ndani, bambo?"

Funso limeneli linali lenileni. Anzawo a msinkhu wawo ena anamwalira, ena miyendo inawakana. Achinyamata a padooko amafuna maukonde ndi injini, sangakhale tsiku lonse akudikira mbedza ndi mdala. Ine ndinadzipereka ndi pakamwa pokha, podziwa kuti andikana, chifukwa ndimasanza ngakhale m'minibasi yopita ku boma. Bambo anangoloza ndi mlomo kukhitchini kumene amayi ankapala nsomba.

Ndinaseka mpaka singano inathyoka.

"Seka," anatero bambo. "Amayi ako saopa nyanja, amaopa bwato. Bwato ndi lopapatiza, limagwedera. Ndikapeza boti loti akhalemo ngati pa benchi, alowa. Koma ukawauza lero akana, ndiye boti liyambe lapezeka. Ndipatse muyeso wawo wa m'chiuno."

Ndinakana. Zovala za amayi ndimasoka ndine, ndipo tepi ikazungulira pamenepo salola ngakhale kuti nambala ituluke m'kamwa mwanga. Ndimalemba chamumtima. Ndinawauza bambo kuti telala saulula za kasitomala wake, iwo anandinena kuti ndine mwana wopanda phindu, n'kubwerera pansi pa mango.

Lamlungu lotsatira bambo anati mutu ukuwawawa, sapita kutchalitchi. Ine ndinatuluka mapemphero asanathe chifukwa ndinali ndi yunifomu za ana asukulu zofunika Lolemba. Podutsa pawindo la kuchipinda ndinawaona atatsegula sutikesi ya amayi, atayala diresi pabedi. Anatenga chingwe cha ukonde, anamanga mfundo, anayeza diresilo m'chiuno mosamala kwambiri, lilime lili panja, n'kumanga mfundo yachiwiri. Kenako anakhala pabedi, anadziyeza okha kuchokera pamfundo yachiwiriyo, n'kumanga yachitatu. Chingwe chinatha: mbali ina ya amayi, mbali ina ya iwo.

Diresilo ndinalizindikira. Linali la maluwa achikasu, limene amayi anavala tsiku lotsika ku Chowe kudzayamba banja. Amalisunga pansi penipeni pa sutikesi pamodzi ndi sopo wonunkhira. Panopa lingawakwane mwendo umodzi.

Tepi yanga inali m'thumba. Ndikanatha kugogoda pawindo n'kunena mawu awiri okha, nkhani yonse ikanathera pomwepo. Koma mumtima mwanga muli kachiwanda kena kokonda kuonerera, ndipo tsiku limenelo kanali katadya bwino. Ndinaluma mlomo n'kupita kumakina anga.

Tinayamba kuyendera maboti Lachiwiri. Ndinkawaperekeza ndine, chifukwa amayi sankalola kuti bambo afike padooko opanda mlonda, ndipo tinawauza kuti tikukawongola miyendo monga ananenera achipatala. Loyamba linali bwato la mnzawo wina, la mtengo wabwino, lopepuka pamadzi. Bambo analisisita ngati mbuzi ya pamsika, koma chingwe sanachitulutse n'komwe. Kamwa la bwato ndi laling'ono, umakhala pamilomo yake miyendo ili m'kati, wina kutsogolo wina kumbuyo. Panalibe pokhomera mtanda wogwira nsungwi, ndipo bambo anati kampango mmodzi akakoka mbali imodzi, bwato, kangaude ndi anthu ake onse akapezeka pansi.

Boti lachiwiri linali chiboti cha asodzi a usipa, chachitali, cha matabwa atsopano. Mmenemo chingwe chinakwana n'kutsala malo a anthu ena awiri. Ine ndinati tapeza. Bambo anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Telala, taona nthiti zake kutalika. Mphepo ikawomba apa, boti limathamanga lokha, zingwe zonse zisanu ndi zitatu zimakumana pansi n'kulukana. Kangaude amafuna kuyenda ngati nkhalamba yopita kumaliro. Komanso ili n'lofuna injini. Ndingalipalase ndi mkono uno?"

Boti lachitatu linali la pulasitiki, lotayidwa ndi malo ena ogona alendo, loyera, la mphuno yosongoka. Linandisangalatsa kwambiri, mwini wake atalikankhira m'madzi osaya ndinapempha kuti andijambule nditaligwira. Bambo anangoponda m'mbali mwake ndi phazi limodzi, boti linapendekeka ngati beseni. Anati pansi pake m'posongoka, n'lopangidwira kuthamanga, likaima limavina. Ndipo kutsogolo kwake, kumene anthu awiri ayenera kukhala, kunali kopapatiza moti chingwe chinangopindika.

Tinayenda choncho masiku angapo. Bambo anayamba kudya. Ankadzuka akuimba, nkhuku anazikhululukira. Koma padooko si malo oyendapo ndi chingwe cha mfundo zitatu popanda anthu kufunsa. Amayi oyanika usipa pamathandala anayamba kutitsatira ndi maso, kenako ndi miyendo.

Boti tinakalipeza kwa mmisiri wina wachiyao, mdala wa kandevu koyera, amene amakhoma maboti pansi pa mtengo wa mlambe. Silinali logulitsa n'komwe. Linali kaboti kafupi konyamulira nkhuni ndi bango, kopanda utoto, kodzaza zigamba za phula. Pansi pake panali pafulati ngati chitseko, nthiti zazifupi, mphuno yake yotakata ngati bokosi. Ndinachita manyazi kuti bambo anga aima pa chinthu chotero. Iwo maso anawala. Analikankhitsa m'madzi, anaponda m'mbali, boti silinasamale. Anatulutsa chingwe n'kuchitambasula pathabwa lokhalira la kutsogolo. Mfundo yoyamba inagunda nthiti iyi, yachitatu inagunda nthiti inayo, osatsala ngakhale chala.

"Ili ndi langa," anatero bambo. "Apa mukhome mtanda, pamtandapo mumangirire zidutswa za mapaipi zisanu ndi zitatu zosomekamo nsungwi. Kumbuyo ndiikako matumba a mchenga kuti mphuno isamire."

Mmisiri anatenga chingwe chija n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Anaika chala pamfundo yapakati.

"Ambuje, mbali iyi ndaona, ndi inu. Nanga mbali inayi ndi ndani? Amayi akunyumba ndimawadziwa, amagula nkhuni kuno. Wallahi, ndikulumbira, si iwo."

Apa bambo akanangonena zoona. Koma ankasunga chinsinsi chawo, ndiye anangomwetulira, kumwetulira kwa mnyamata amene wayankhidwa bwino kuchitsime, n'kupinda chingwe n'kuchiika m'thumba la malaya, cha pamtima. Amayi a usipa aja anali ataima kumbuyo kwathu. Ndinamva mmodzi akuti "Hee!" motsitsa, ndipo ndinadziwa kuti zinthu zaipa.

Pasanathe masiku atatu nkhani inali m'kamwam'kamwa. Akuti mdala wa ku hotela wapeza kamtsikana kowonda ngati bango, akukagulira boti loti azikacheza nako pakati pa nyanja kumene mkazi wake sangafike. Ena anati ndi ka ku Makokola, ena anati anakaona ndi maso katavala buluku. Makasitomala anga ankabwera ndi nsalu zosafunika kusoka, kungofuna kuona nkhope ya amayi. Ine kachiwanda kanga kaja kanali katathawa, kandisiya ndekha. Ndinkati ndiulula madzulo, madzulo akafika ndinkati mawa.

Amayi anazimva kuchigayo Lachisanu m'mawa. Anabwera, anatula ufa pakhonde osandiyang'ana, analowa m'khitchini. Ndinamva mpando ukukokedwa. Anatuluka ndi nkhafi ija, yakuda bii ndi mwaye. Kwa kamphindi ndinasangalala, ndimati mtima wawo wafewa. Kenako ndinaona kagwiridwe kake. Sanaigwire ngati yopalasira.

Anauyamba wa kudooko, ine pambuyo ndikuthamanga, tepi ili pakhosi, ndikuti "Amayi, taimani ndikuuzeni!" Sanacheuke. Pofika pansi pa mlambe paja anthu anali atatikhamukira ngati kwabwera galimoto ya kanema. Bambo anali m'boti lawo pamchenga, akusomeka nsungwi m'mapaipi. Zinali zitatambasuka bwino, zinayi uku zinayi uku, ndipo iwo ankaimba mluzu.

"Bambo ake mwana," anatero amayi, mawu ali pansi. "Chingwe chija chili kuti?"

Bambo anayang'ana nkhafi, anayang'ana ine, n'kutulutsa chingwe. Amayi anaika nkhafi m'khwapa. Anagwira mfundo yoyamba n'kuiika mbali ina ya chiuno chawo, anakokera chingwe kumbali inayo. Mfundo yapakati inathera panjira, cha pamchombo. Anthu anaphulika. Mayi wina anakhala pansi chifukwa cha kuseka.

"Ndiuzeni pamaso pa anthuwa. Mwini chiuno ichi ndani?"

Sindinawaonepo bambo anga atadabwa chotero. Kukamwa kunali yasa. Anatsika m'boti, anatenga chingwe, anayesa okha kuchikoka ngati chingatalike.

"Koma ndinayeza diresi lanu, amake mwana."

"Diresi liti?"

"La maluwa achikasu lija. Lili pansi pa sutikesi."

"Limene ndinavala potsika ku Chowe?"

"Lomwelo." Bambo anawayang'ana amayi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope ili yosokonezeka zenizeni. "Kodi silikukukwananinso?"

Anafunsa ndi mtima wonse. Panalibe nthabwala mmenemo, ndipo aliyense anaona. Kuseka kunayamba kuzima, kuyambira kwa amayi akuluakulu. Munthu uyu anakhala ndi mkazi wake zaka zonsezi, ana asanu, ndipo m'maso mwake ankaonabe mtsikana wa diresi lachikasu. Nkhafi inatsetsereka m'khwapa mwa amayi n'kugwera pamchenga. Poti analibe kwina kopita ndi mkwiyo wawo, anatembenukira kwa ine.

"Iwe telala, pamene bambo ako amayeza zimenezi, iwe unali kuti?"

"Pawindo, amayi."

"Tikakambirana kunyumba."

Kenako analiyang'ana botilo, zigamba zake, matumba a mchenga, nsungwi zili tambalala.

"Ndiye mumafuna ine ndilowe m'chibokosi ichi?"

"Ndekha anandiletsa," anatero bambo, mawu atatsika. "Wina ndilibe. Pansi pa mango paja ndikufa, amake mwana. Ndikufa ndikuona."

Palibe anaseka. Ine misozi inalengeza, chifukwa zimenezo ndinkaziona tsiku ndi tsiku koma sindinaganize kuti anganene pagulu. Amayi anakonza chitenje chawo. Anati alowa kuti awaonetse bambo kupusa kwawo basi, poti boti lili pamchenga. Anakweza mwendo, anagwira phewa langa mwamphamvu moti ndinamva zala zawo mpaka Lamlungu, n'kukhala pathabwa paja. Anatenga gawo lawo ndi theka la gawo la bambo. Bambo anadzipanikiza pamalo otsalawo chammbali, anapuma, anadzikankha, mpaka analowa. Anakhala chothinana, mapewa atakwera, ngati anthu a kumpando wakumbuyo m'minibasi. Powatulutsa bambo, mmisiri anachita kuwakoka.

"Musadandaule, amayi," anatero mmisiri. "Thabwali ndilisunthira kumbuyo pang'ono kumene boti n'lotakata. Ntchito ya tsiku limodzi, ndikangomaliza boti la anthu ili."

Amayi anatola nkhafi, anaipukuta mwaye ndi nsonga ya chitenje, n'kuwapatsa bambo.

"Mawa m'mawa. Cha kubango kuja basi, poti pansi ndizipaona. Mukangopitirira, ndikatsika n'kukwera ya ku Chowe."

Chilango changa chinali kukumba nyongolotsi. M'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu, telala wa manja osalala ndinkapezeka kudambo ndi khasu ndi chitini, makasitomala anga akundipatsa moni mokweza kuti aliyense andione.

Ulendo woyamba ndinauonerera ndili pagombe. Nyanja inali bata. Amayi anavala jekete yoyandamitsa imene bambo anachoka nayo ku hotela, zomwe zinawonjezera kuthinana kuja. Anatseka maso kuyambira pokankha boti, akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu onjenjemera. Bambo ankapalasa pang'onopang'ono ali pompo, kangaude wawo akuyenda pamadzi ngati sakufuna. Kenako ndinamva amayi akukuwa, mtima wanga unalumpha. Sikunali kumira. Nsungwi ya mbali yawo inali itagwedezeka, ndipo ankakalipira bambo kuti asaigwire, nsombayo ndi yawo. Anabwera ndi ncheni zitatu ndi zingwe zinayi zolukana. Ziwiri mwa nsombazo zinali za amayi, ndipo mudzi wonse unauzidwa.

Kubango kuja sanakhalitseko. Sabata yachitatu ndinawaona ali kutali, kadontho chabe, ndipo za ku Chowe sizinatchulidwenso. Amayi anayamba kudzuka n'kuyang'ana masamba a mango, n'kunena kuti lero mwera ugona, bambo n'kuwatsutsa.

Mmisiri anachedwa ndi boti la anthu lija, monga amachitira amisiri tonse. Anabwera pakhomo patapita miyezi iwiri, hamala ili m'manja, kudzati tsopano ali ndi mpata wosuntha thabwa. Bambo anali atapita kukatenga mapilitsi awo. Amayi anamuthokoza, anamupatsa madzi akumwa, n'kumuuza kuti thabwalo alisiye mmene lilili. Mmisiri anadabwa, anafunsa kawiri, anapita akupukusa mutu.

Tsiku lomwelo ndinkawayeza amayi diresi latsopano. Nsalu anasankha okha, ya maluwa achikasu, ndipo anandichenjeza ndi diso kuti ndisanenepo kanthu. Koma za thabwa sindinathe kupirira.

"Amayi, mumatuluka m'boti muja chiuno chitachita dzanzi. Bwanji mwam'bweza mmisiri?"

Anakweza manja kuti tepi idutse, maso ali kumsewu kumene bambo anapita.

"Tikathinana choncho, chizungulire cha bambo ako chikamabwera ndimachimva m'nthiti mwangamu iwo asanadziwe. Thupi lawo limayamba kulemera mbali yanga. Ndimangowakoleka mkono, n'kumayankhula za nsomba mpaka chitadutsa." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Kawiri konse. Iwo akuyesa ndimawagwira chifukwa cha mantha anga. Usakawauze."

Ndinazunguliza tepi m'chiuno mwawo, ndinawerama kuti ndiwerenge. Ndinayeza kawiri, chifukwa ulendo woyamba manambala sanaoneke bwino.